Kugulitsa Katundu ndi Ntchito ku Khonsolo ya Mzinda: Kabuku ka Mabanja Ochita Bizinesi

Khonsolo ya mzinda ndi wogula wamkulu amene mabanja ambiri ochita geni samuganizira n'komwe. M'Malawi muno muli mizinda inayi, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo uliwonse uli ndi khonsolo yake imene imasesa misewu, kuchotsa zinyalala, kuyang'anira misika ndi madepoti, kukonza ngalande, kuzimitsa moto ndi kusamalira manda. Ntchito zimenezi zimadya katundu tsiku ndi tsiku. Osesa amafuna masache, mawilibala, mafosholo, magambuti ndi maovolosi. M'maofesi mumatha mapepala, inki, sopo ndi mankhwala otsukira zimbudzi. Magalimoto onyamula zinyalala amatha matayala ndi mabatire, ndipo akafa pamafunika makaniko. Pakakhala msonkhano pamafunika chakudya, madzi, mipando ndi matenti. Khonsolo sipanga yokha zinthu zonsezi. Imagula kwa anthu, ndipo palibe lamulo lonena kuti anthuwo akhale eni masitolo akuluakulu a ku Limbe kapena a mumsewu wa Malangalanga.

Chimene muyenera kudziwa poyamba n'chakuti ndalama za khonsolo ndi za anthu. Zimachokera ku misonkho ya malo ndi nyumba, ku ziphaso za bizinesi, ku matikiti a pamsika, komanso ku thumba la boma. N'chifukwa chake khonsolo imagula ndi pepala, imalandira katundu ndi pepala, imalipiranso ndi pepala. Mawu a pakamwa, ngakhale atuluke kwa bwana wamkulu, alibe mphamvu yotulutsa tambala imodzi. Kabuku kano kakufotokozerani mapepalawo, komanso momwe mungapikisanire popanda kuika pangozi ndalama za chakudya ndi za fizi pakhomo panu.

Amene amagula kwenikweni ndani?

Kagulidwe ka katundu m'maofesi onse a boma, kuphatikizapo makhonsolo, kamayang'aniridwa ndi bungwe la Public Procurement and Disposal of Assets Authority, lomwe ambiri amangoti PPDA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017, kulowa m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP imene inabwera ndi lamulo la mu 2003. PPDA sigula katundu m'malo mwa khonsolo. Ntchito yake ndi kulembetsa ogulitsa, kuika malire a ndalama pa njira iliyonse yogulira, kulandira madandaulo ndi kuletsa ochita chinyengo kuti asachitenso malonda ndi boma.

Pakhonsolo penipeni pali ofesi yogula zinthu, yomwe imalemba zofunika, kuitanitsa mitengo ndi kusunga mafayilo. Pamwamba pake pali komiti yotchedwa IPDC, yopangidwa ndi ogwira ntchito akuluakulu a khonsolo, ndipo ndiyo imavomereza amene wapambana. Meya ndi makhansala amavomereza bajeti ndi mapulani a chitukuko, koma si ntchito yawo kusankha wogulitsa. Khansala wa kudera kwanu akakuuzani kuti akupatsani tenda, muthokozeni mwaulemu, kenako mukafunse ku ofesi yogula zinthu ngati ntchitoyo ilipodi.

Mapepala oyambira

Loyamba ndi chiphaso cholembetsa bizinesi, chochokera ku ofesi ya Registrar General. Masiku ano mungalembetse pa intaneti kudzera pa njira ya MBRS, ndipo mudzafunika chiphaso cha unzika. Simuyenera kuyamba ndi kampani. Dzina la bizinesi ya munthu mmodzi kapena ya anthu awiri ogwirizana ndi lokwanira. Koma bambo ndi mayi akambirane kaye kuti bizinesiyo ilembedwa m'dzina la yani, chifukwa ngongole ndi misonkho zidzatsata dzina lomwelo.

Lachiwiri ndi nambala ya msonkho, TPIN, yochokera ku MRA, pamodzi ndi chiphaso chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, chotchedwa tax clearance. Chiphaso chimenechi chimatha nthawi, ndipo chagwetsa anthu ambiri omwe mitengo yawo inali yabwino. Lachitatu ndi chiphaso cha PPDA, chimene chimatchula magulu a katundu kapena ntchito zomwe mwalembetsa. Amene analembetsa zolembera ndi mapepala sangapikisane pa matayala. Lachinayi ndi laisensi ya bizinesi ya kukhonsolo komweko. N'zochititsa manyazi kupempha malonda kwa khonsolo imene simunailipire laisensi. Pomaliza, tsegulani akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesi. Khonsolo silipira pamanja, ndipo sitenga ndalama ya bizinesi n'kuiponya mu akaunti ya mlamu wanu.

Ntchito zina zimafuna chiphaso choonjezera. Omanga ngalande, zimbudzi ndi mashedi a pamsika ayenera kulembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga, limene ambiri amalidziwa ndi dzina loti NCIC, m'gulu logwirizana ndi kukula kwa ntchitoyo. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito zomanga za boma, choncho woumba mabuloko a simenti ndiye ali ndi msika kumeneku. Opanga sopo, zakudya ndi zakumwa angafunsidwe chiphaso cha Malawi Bureau of Standards.

Ena, poona kuti mapepala ndi ambiri, amabwereka a mnzawo. Musatero. Mgwirizano udzakhala wa mwini mapepala, ndalama idzalowa mu akaunti yake, ndipo akakana kukupatsani mulibe polozera. Ngati panokha simungakwanitse, njira yabwino ndi kulowa kapena kupanga kopaletivi yolembetsedwa ku unduna wa zamalonda. Matelala khumi omwe aliyense ali ndi makina amodzi angasoke maovolosi 300 pa nthawi yake, pamene telala mmodzi angangopsa mtima ndi ntchitoyo.

Malamulo amakomeranso ochita bizinesi zing'onozing'ono. Lamulo la mu 2017 linalamula kuti pa matenda opikisana m'dziko muno, magawo 60 pa 100 aziyamba aganiziridwa Amalawi eni nthaka, ndipo mu 2020 boma linatulutsa dongosolo lopatulira mabizinesi ang'ono ndi apakati mitundu ina ya katundu ndi ntchito. Koma mwayi wachiwiriwu umagwira amene ali ndi chiphaso chosonyeza kuti bizinesi yake ndi yaing'ono. Funsani ku unduna wa zamalonda za kalembetsedwe kake.

Kotesheni ndi tenda

Pa katundu wa ndalama zochepa, khonsolo imapempha makotesheni kwa ogulitsa osachepera atatu, n'kuyerekeza. Apa ndiye poyambira pa banja lomwe likungolowa kumene. Lembani kalata yodzidziwitsa ku ofesi yogula zinthu, mutchule zomwe mumagulitsa, muphatikize makope a ziphaso zanu, ndipo mupemphe kuikidwa pa mndandanda wa ogulitsa. Muzipita kukawerenga bolodi la zidziwitso ku Civic Centre ku Blantyre, ku maofesi a khonsolo ku City Centre ku Lilongwe, kapena kulikulu la khonsolo ya mzinda wanu. Mapempho ambiri a makotesheni amakhala masiku ochepa chabe, ndipo wobwera kamodzi pamwezi amapeza atatseka.

Ndalama zikakwera, khonsolo imalengeza tenda kuti aliyense woyenera apikisane. Zidziwitso zimatuluka mu The Nation ndi The Daily Times, pa tsamba la PPDA, ndi pa masamba a Facebook a makhonsolo. Boma likusamutsiranso kagulidwe kake pa intaneti kudzera mu njira ya MANePS, choncho m'banjamo pakhale mmodzi, kaya ndi mwana amene watsiriza Folomu 4, wodziwa kutsegula imelo ndi kutumiza mapepala pa kompyuta.

Buku la tenda limalembedwa m'Chingerezi cholimba, ndipo ambiri amathamangira kutsamba la mitengo. Werengani lonse, kawiri, muli ndi pensulo m'manja. Ounika amayamba ndi kuona ngati mapepala onse alipo, osainidwa ndi odindidwa. Kenako amaona ngati katunduyo akufanana ndi zomwe anapempha. Mtengo amauona pomaliza, pakati pa okhawo amene adutsa magawo awiri oyambawo. Ndiye kuti munthu wotchipa kuposa onse akhoza kugwa mtengo wake usanawerengedwe n'komwe, chifukwa choiwala kusaina fomu imodzi. Akapempha magambuti a saizi 8 okhala ndi chitsulo kuphazi, musalembe a pulasitiki n'kumati ndi abwinonso. Akapempha chikole cha kubanki kapena kalata yolumbira kuti simudzathawa mukapambana, perekani chimene atchulacho, molemba momwe afunira. Pamene simukumva, lembani kalata yofunsa nthawi isanathe. Yankho lake limaperekedwa kwa opikisana onse, ndipo si mlandu kufunsa.

Envulopu imatidwe bwino, ilembedwe nambala ya tenda, ndipo iponyedwe m'bokosi la matenda ola lotsekera lisanakwane. Mukachedwa ndi mphindi zisanu, envulopu imabwezedwa yosatsegula, ndipo nkhani ya minibasi imene inaima pa Ginnery Corner palibe adzaimvere. Matenda amatsegulidwa poyera, ndipo muli ndi ufulu wokhalapo. Khalanipo, ngakhale mukuona kuti simupambana. Mayina ndi mitengo zimawerengedwa mokweza, ndipo mukazilemba m'kope mudzadziwa momwe anzanu amaikira mitengo, chinthu chimene palibe angakuuzeni mwaulere kwina kulikonse.

Mtengo: pamene mabanja ambiri amapsera

Kupambana tenda si kupeza phindu. Walira mvula walira matope, ndipo matope a malonda a boma ndi kudikira. Khonsolo imalipira katundu atafika, osati asanafike, ndipo ndalama zake zimadalira kuti eni nyumba alipira liti misonkho yawo komanso kuti boma latumiza liti gawo lake. Mgwirizano ukhoza kunena masiku 30, koma wanzeru amakonzekera miyezi ingapo.

Tiyerekeze kuti mwapambana kupereka mawilibala, mafosholo ndi masache a K2,000,000. Mwaoda katunduyo pa K1,500,000. Galimoto ndi onyamula adya K80,000. Kusindikiza mapepala, kudinda, mayunitsi ndi maulendo a ku ofesi zadya K40,000. Zonse pamodzi mwatulutsa K1,620,000, ndipo m'mutu mwanu mwaika kale phindu la K380,000. Koma polipira, khonsolo imayamba yadula msonkho wa withholding tax n'kutumiza ku MRA. Pa katundu msonkhowu ndi 3 pa 100, ndiye pa K2,000,000 adzachotsa K60,000, inu n'kulandira K1,940,000. Phindu latsika kufika pa K320,000. Ndalama yodulidwayo sinatayike, imawerengedwa pa msonkho wanu wa pachaka ngati mwatenga chikalata chake, koma lero mulibe nayo m'manja. Pa ntchito za manja ndi zonyamula katundu mlingo wake ndi wina, ndipo muufunse ku MRA musanalembe mtengo.

Tsopano tinene kuti pa mpamba uja, K1,000,000 munabwereka ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi. Ndiye kuti mwezi uliwonse mukutaya K200,000. Khonsolo ikalipira pakatha mwezi umodzi, mwatsala ndi K120,000. Ikalipira pakatha miyezi iwiri, mwaluza K80,000. Ikafika miyezi itatu, mwaluza K280,000, ndipo amayi a kugulu ayamba kale kufunsa za firiji yanu. Masamu amenewa muwachite musanaponye envulopu, osati mutapambana. Za katapila tisanene n'komwe: tenda ya boma ndi katapila siziyendera limodzi.

Palinso nkhani ya kugwa kwa Kwacha. Buku la tenda limatchula masiku amene mtengo wanu uyenera kukhala osasintha. Mu Novembala 2023 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo katundu wochokera kunja anakwera nthawi yomweyo. Amene anali atalonjeza mitengo yakale anatsala pamphambano: kupereka katundu moluza, kapena kuthawa mgwirizano n'kuipitsa dzina. Ngati mukugulitsa zinthu zodalira ndalama zakunja, monga inki, matayala kapena zida za magetsi, pemphani wokuodetsani akulembereni mtengo wake ndi masiku amene aziusunga, ndipo mukangolandira oda mugule katunduyo tsiku lomwelo.

Msonkho wa VAT muuike pa kotesheni pokhapokha ngati munalembetsa VAT ku MRA. Kuulipiritsa musanalembetse ndi mlandu.

Langizo lathu ndi lakuti oda yoyamba ikhale yaing'ono, yoti mungaikwanitse ndi mpamba wa bizinesi popanda kukhudza thumba la chimanga, lendi ndi fizi. Mpamba wonse usapite ku khonsolo. Okala kapena benchi ya pamsika ipitirize kugwira ntchito kuti pakhomo pasazime moto. Ndipo onse awiri, bambo ndi mayi, adziwe kuchuluka kwa ndalama imene yalowa, kumene yachokera, ndi tsiku limene ngongole iyenera kubwezedwa. Mabanja ena asokonekera osati chifukwa khonsolo inachedwa, koma chifukwa mmodzi anapinyolitsa poloti mnzake osadziwa.

Osatulutsa katundu popanda LPO

Mukapambana, khonsolo imakupatsani chikalata cha oda chotchedwa LPO, kapena mgwirizano wosainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Chikalatacho chimakhala ndi nambala, dzina la bizinesi yanu, mtundu ndi kuchuluka kwa katundu, mtengo, siginecha ndi chidindo. Popanda chimenechi, musasunthe ngakhale tsache limodzi. Mudzamva mawu okoma: "Bweretsani kaye, zikufunika mwachangu, mapepala tikonza Lolemba." Wonenayo mwina alibe cholinga choipa, koma Lolemba likhoza kumupeza atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake sadzapeza dzina lanu m'fayilo iliyonse. A zachuma salipira chimene sichinalembedwe, ndipo akatero amagwidwa ndi ofufuza mabuku a boma. Kuchokera pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, pamene ndalama za boma zinalipiridwa kwa makampani omwe sanapereke kanthu, ofesa aliyense wosamala ntchito yake amaopa kusaina pepala losakwanira.

LPO ikafika, pitani nayo nokha ku ofesi yogula zinthu mukatsimikize kuti ndi yeniyeni. Akuba amasindikiza ma LPO abodza okhala ndi chizindikiro cha khonsolo, amaimba foni ngati mabwana, n'kukuuzani kuti katundu mukatsitse kumalo ena chifukwa kusitolo kwadzaza. Ena amapempha kuti mutumize kandalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti fayilo iyende. Khonsolo silandira malipiro pa nambala ya munthu, ndipo ndalama iliyonse yolipira kukhonsolo imakhala ndi lisiti yake.

Popereka katundu, tengani chikalata choperekera katundu chotchedwa delivery note, makope awiri kapena atatu. Woyang'anira sitolo ya khonsolo awerenge katundu inu mukuona, asaine, alembe dzina lake momveka ndi tsiku, adinde. Kope limodzi mutenge. Iye amalemba chikalata chake chosonyeza kuti katundu walandiridwa, chotchedwa GRN, ndipo ngati ndi ntchito ya manja pamafunika kalata ya woyang'anira ntchitoyo yotsimikiza kuti yatha bwino. Kenako perekani invoisi yofanana ndendende ndi LPO, yokhala ndi TPIN yanu ndi nambala ya akaunti. LPO ikanena mawilibala 20, invoisi isanene 22, ngakhale wina anakupemphani pakamwa kuti muonjezere awiri. Kusiyana kwakung'ono koteroko kumagoneka fayilo milungu yambiri.

Gulani fayilo imodzi ya pulasitiki pa oda iliyonse, ndipo musapereke pepala lenileni popanda kusiya kope. Jambulaninso zonse pa foni. Potsatira malipiro, pitani mwaulemu, mufunse kuti fayilo ili pa desiki ya yani, mulembe tsiku ndi yankho. Nthawi ya mumgwirizano ikadutsa, lembani kalata yokumbutsa kwa mkulu wa khonsolo, mutchule nambala ya LPO ndi ya invoisi, ndipo kope lanu alidinde kuti lalandiridwa. Kalata yodindidwa imagwira ntchito kuposa kukalipira kalaliki wa pakhomo, yemwe alibe mphamvu pa cheke chanu.

Za kangachepe

Simudzatha chaka m'malonda awa musanakumane ndi dobadoba wonena kuti amadziwana ndi a m'kati, kapena wogwira ntchito wofunsa kuti iye mwamusiyira bwanji. Lamulo la Corrupt Practices Act la mu 1995 limagwira wolandira ndi wopereka yemwe, ndipo bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB limafufuza onse awiri. Kupatula ndende, PPDA ikhoza kukuletsani kuchita malonda ndi ofesi iliyonse ya boma kwa zaka, dzina la bizinesi yanu n'kulengezedwa poyera. Chimodzimodzinso ngati mwapereka ziphaso zabodza, kapena mwatenga makotesheni atatu onse n'kuwalemba nokha m'mayina a abale. Kunena zoona, ena amadutsa nazo kwa kanthawi. Koma chiphuphu chimachokera pa phindu lomwe lija la K320,000, ndipo amene wadya kamodzi amabweranso. Ngati m'bale wanu amagwira ntchito mu ofesi yogula zinthu kapena ali mu IPDC, ayenera kuulula ubalewo ndi kutuluka pokambirana za inu. Mukabisa, mumuphera ntchito.

Mukagwa

Ambiri amagwa ulendo woyamba, ndipo si chifukwa cha katangale nthawi zonse. Muli ndi ufulu wolemba kalata yofunsa chifukwa chimene simunapambanire, ndipo yankho lake lidzakuonetsani pepala limene linasowa kapena pamene mtengo unapyola. Pa matenda akuluakulu khonsolo imalengeza kaye amene ikufuna kumupatsa, n'kudikira masiku angapo isanasaine mgwirizano, kuti wodandaula adandaule. Ngati muli ndi umboni woti malamulo sanatsatidwe, lembani dandaulo kwa mkulu wa khonsolo mkati mwa masiku amenewo, ndipo mukapanda kukhutira mupite nalo ku PPDA. Dandaulo litchule tsamba la buku la tenda limene laphwanyidwa. Mphekesera za pa bawo sizithandiza, ndipo wochedwa kudandaula amapeza mgwirizano utasainidwa kale.

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo ofesi iliyonse imakhala ndi pulani ya zimene igule m'chakacho. Choncho miyezi ya Febuluwale ndi Malichi ndiyo yokonzera ziphaso, kulipira laisensi ndi kukasiya kalata yanu ku ofesi yogula zinthu. Ngati muli kale ndi tax clearance ndi chiphaso cha PPDA, zitulutseni lero muone tsiku limene zikutha.